Masiku Omata ndi Guluu

1 Okutobala, Lachitatu

Miyezi inayi chimwalirireni amayi. Ababa akadali m'chipinda chakumapeto. Katani yotseka, nkhope kukhoma. Phala abweza theka, tiyi wazizira pampando. Mapazi ayamba kutupa. Adokotala sabata yatha sanabise: "Akapanda kumayenda, chaka chamawa mudzawakankha pa chikuku."

Ndachonderera, ndakalipa, ndaliranso. Yankho lomwelo: "Ndipite kuti?"

Kufamase kwathu a kampani yotibweretsera mankhwala asiya makalendala a chaka chino. Mu Okutobala! Manyazi alibe. Abwana amati tizikulungira mabotolo, ine ndatengako imodzi. M'timabokosi tina ta masiku muli timalemba tofiira. Ka lero: Tsiku la Anthu Okalamba pa Dziko Lonse. Poti khoma ndi limene ababa amaliyang'ana tsiku lonse, ndaikhoma pomwepo.

"Okalambafe atikumbukira ndani?" anatero. Kenako anapempha magalasi. Miyezi inayi osawapempha.

Amuna anga akuti ndiwasiye alire. A Waya amenewo. Dzinalo anawapatsa ndi anzawo a zamagetsi, ndipo thupi likuvomereza. Kwa iwo chilichonse chimakonzeka chokha. Soketi ya kukhitchini chaka chachiwiri tsopano ikukonzeka yokha.

9 Okutobala, Lachinayi

Ndilembe ndisanaiwale. Sikisi koloko m'mawa, ine pa ketulo, ndingomva chitseko kwee. Ababa! Shati yoyera, tayi, jekete yawo ya ku positi ija, ikununkha m'sutikesi. Ndevu zokha ngati tchire.

"Lero ndi Tsiku la Positi pa dziko lonse, ndiye m'nyumba muno anthu akugona?"

Zaka makumi atatu ndi zinayi ku positi, si zocheza. Anatiimika pabalaza. Zokamba za mphindi makumi awiri, mutu wake kalata za rejisita. A Waya mswachi m'kamwa, thovu likutsikira kuchibwano, osayerekeza kusuntha pamaso pa apongozi awo. Atatha, ababa anatuluka mpaka pageti nabwerako. Ndinawerenga: mapazi makumi anayi.

Ndaganiza tsiku lonse ndikugawa mapilitsi. Munthuyu samvera mwana wake, samvera dokotala. Amamvera pepala. Chilichonse chosindikiza kwa iwo ndi lamulo. Amayi ankanena: "Bambo akowa ukafuna adye, uwalembere pa fomu."

10 Okutobala, Lachisanu

Tsiku la Mazira. Zoonadi, zilipo pakalendala, sindikunama. Adya awiri owiritsa, apempha mchere, ndawamana, akalipa. Kukalipa kumeneko ndinakusowa.

12 Okutobala, Lamlungu

Dzulo kabokosi kopanda kanthu. Lero chimodzimodzi. Jekete yabwerera m'sutikesi, nkhope yabwerera kukhoma.

"Lero sanalembe chilichonse," atero, ngati nkhani yathera pomwepo.

Ndaona sabata yamawa. Timabokosi tambiri mbee. Ndiye mapazi awo azidikira akuluakulu akunja kuti akhale pansi apeze dzina la tsiku?

Kuntchito kuli pulinta. Inki yofiira ilimo. Sizasi ndili nayo. Mulungu andikhululukire, ndaganiza zimenezi m'tchalitchi, nthawi ya ulaliki.

13 Okutobala, Lolemba

Nthawi ya nkhomaliro, abwana atatuluka. Malemba ofanana ndendende, ndayesa kanayi. Mnzanga wa pakauntala anafunsa, ndinati ndi malebulo. Guluu wa timitengo wa ana asukulu.

Ndamata ababa ali kubafa. Kucheukacheuka ngati ndikuba m'thumba la chopereka. Mawa: Tsiku Lometa Ndevu pa Dziko Lonse.

14 Okutobala, Lachiwiri

Zatheka! Zatheka!

Ndinati ndiwamete ndekha pakhonde, anakana. Tsiku lalikulu chonchi ameta wodziwa ntchito. Wapansi mpaka kwa ometa pamphambano, ine pambuyo ndi ambulera. Anapuma kawiri, pa mtengo ndi pa golosale. Mapazi ndinasiya kuwerenga atapitirira mazana atatu.

Ometa sankadziwa za tsikuli. Akanadziwa bwanji? Ababa anawatsira mawu pamaso pa makasitomala: "Munthu osadziwa tsiku la ntchito yako yomwe! Mumawerenga chiyani anyamata inu?" Ine maso pansi, mlomo ndaluma.

Koma ometawo ndi ochenjera. Anapepesa, natenga katoni, nalemba ndi makala, nakhoma panja. Pobwera kuntchito madzulo ndapeza anthu asanu pa benchi akudikira. Ena anali ndi ndevu zosakwana n'khumi zomwe.

Nkhope ya ababa yaonekanso. Yachepa. Tsaya lili ndi kachipsera kaja ndinakaiwala.

17 Okutobala, Lachisanu

Dzulo, Tsiku Lotsegula Mawindo. Fungo la m'chipinda muja latuluka, katani ndachapa. Lero, Tsiku Lopatsa Moni Anansi Asanu. Anatenga kabuku kolembamo mayina. Anafika asanu ndi mmodzi chifukwa mayi woweta nkhuku wa kuseri anawagwira ndi nkhani ola lathunthu, ndipo ababa anati moni wake sawerengedwa poti sanawapatse mpata woyankha.

Nsapato yakumanja yalowa popanda kukankha. Ndinathawira kukhitchini kuti asandione.

Pa chakudya anafunsa amene amakhazikitsa masikuwa. Ndinati akuluakulu akunja, amachita kukhala pa msonkhano.

"Akugwira ntchito anthu amenewo," anatero.

Zikomo, ababa.

18 Okutobala, Loweruka

Ndilembe zoona, buku lino ndi langa. Lero si za mapazi a ababa ayi. Satana anandinong'oneza Lachinayi ndili pa pulinta, ine osamukaniza.

Tsiku Loti Amuna Achape ndi Kusita.

Hafu faifi ababa akugogoda kuchipinda kwathu. "Akamwini, dzuwa lituluka tisanayanike." A Waya anandiyang'ana, ine bulangete kumutu. Akanati chiyani? Kwa ine amayankha, kwa apongozi ndi "chabwino bambo" basi.

Chithunzi chake: a Waya atawerama pa beseni, miyendo ngati mapolo a magetsi, akufikisa siketi yanga ya kuntchito. Ababa pa mpando pambali, akuchapa mipango yawo itatu, kulangiza za makolala. Mayi wa nkhuku mutu pamwamba pa mpanda, kukamwa yasa. Ine pakhonde, tiyi wa mkaka, phazi pa linzake.

Zaka khumi ndi zinayi za ukwati. Kalendala yachita m'mawa umodzi.

Bulauzi yoyera yasanduka ya pinki. Palibe kanthu.

20 Okutobala, Lolemba

Tsiku Lokonza Zowonongeka M'nyumba. Soketi ya kukhitchini: mphindi zisanu ndi zinayi. Ndinayang'ana wotchi. Zaka ziwiri, mphindi zisanu ndi zinayi. Mpopi wa kubafa nawo wasiya kudontha.

Ababa ayenda mpaka ku golosale okha kukagula babu. Abwera ndi babu ndi maswiti m'thumba, akuganiza kuti sindinaone.

Ndikuyamba kudziopa. Pa basi ndimangopeka masiku. Tsiku Lopatsa Akazi Limoti. Tsiku Losafunsa Kuti Ndiwo N'chiyani.

21 Okutobala, Lachiwiri

M'mawa a Waya akumanga zingwe za nsapato, osandiyang'ana n'komwe: "Guluu wanu ndi wabwino, mayi. Mumagula kuti?"

Ndinati guluu wanji. Anatulutsa m'thumba la shati kapepala kodula, kofiira, kolembedwa theka. Anakatola pansi pa tebulo. Anakaika m'dzanja langa bwinobwino ngati chenji, napita akuimba mluzu.

Sananene kuti akauza ababa. Mluzuwo ndi umene ukundidetsa nkhawa.

23 Okutobala, Lachinayi

Njoka! Njoka yeniyeni!

Ndalowa ndi phala, ababa ali chilili pa kalendala, magalasi pamphuno. Pa kabokosi ka lero pali pepala lomwe sindinamate ine. Lopendama, inki yotuwa, guluu watulukira m'mbali. Tsiku Loti Akazi Asatsutse Amuna Awo. Ndipo "asatsutse" alemba "asasutse."

Ababa anaona cholakwikacho. Anati masiku ano ngakhale akunja sawerenganso zomwe alemba. Koma lamulo ndi lamulo.

Ndikaulula a Waya, ndadziulula ndekha. Akudziwa. Anakhala pa tebulo ngati bwana wamkulu. Akuti nkhuku ili ndi mano, ine "inde bambo." Akuti amayi awo amaphika bwino kundiposa, ine "inde bambo." Ababa akugwedeza mutu, kukhutira ndi mwana woleredwa bwino.

Madzulo a Waya anati mpunga wachepa mchere. Sindinatsutse. Ndinatenga mbale yawo, masupuni awiri odzaza, kusakaniza, kubweza ndi manja awiri. Anadya wonse, apongozi akuyang'ana. Madzi amwa jagi yathunthu.

24 Okutobala, Lachisanu

Langa lero: Tsiku Lovina ndi Wachibale. Ndinalemba kuti ndione a Waya akuvutika, poti kuvina kwawo kuli ngati munthu wagwidwa ndi shoko.

Koma ababa anati wachibale ndi wamagazi. Anayatsa wailesi, nasuntha tebulo okha, natambasula dzanja kwa ine. Pang'onopang'ono, kuzungulira pabalaza, dzanja lawo lopepuka ngati pepala pamsana panga. Ndinawaponda. Anaseka. Kuseka kwenikweni, mpaka kutsokomola.

"Amayi ako ankandiponda phazi lomweli."

Nyimbo inapitirira, ife tinaima. A Waya anatuluka mwakachetechete kukaona mita ya magetsi yomwe inalibe vuto.

Sindinalire. Ndinakatsuka mapoto otsuka kale.

25 Okutobala, Loweruka

Nkhondo. Lawo lero: Tsiku Loonera Mpira Popanda Wosokoneza. Ababa, amene mpira sanaukondepo, akhala maola awiri pa sofa kulondera kuti ndisadutse kutsogolo kwa TV. Ndimadutsa chowerama ngati ndikuzemba mvula.

Madzulo ababa anadandaula pang'ono. Akuti kale chaka chinali ndi masiku opuma, pano tsiku lililonse lili ndi ntchito yake, dziko lapita kuti. Koma nsapato apolisha kale za mawa.

Mawa ndi langa, ndamata kale: Tsiku Lozimitsa TV. Tione.

27 Okutobala, Lolemba

Dzulo sindinathe kulemba.

A Waya anamata lawo pamwamba pa langa. Ine nditaona ndinamatanso langa lina pamwamba pa lawo. Mapepala atatu kabokosi kamodzi, kutentha kumeneku, guluu wawo n'kukhala wa nsapato. Titachoka ku tchalitchi tinapeza ababa pa tebulo la pabalaza. Kalendala patsogolo pawo. Mapepala atatuwo anagwa okha. Enawo anamatula ndi lezala, limodzilimodzi, nawandandalika mwa dongosolo la madeti ngati makalata. Pansi pake timabokosi mbee.

Sanakweze mawu. Bola akanakweza.

Anafunsa kuti oona ndi ati. Ndinati la okalamba, la positi, la mazira. Anawerenga otsalawo ndi chala. Atafika pa la ndevu anaima.

"Ndinanyoza mwana wa eni pamaso pa anthu. Iwe uli pambuyo panga ndi ambulera."

A Waya anayamba "bambo, ife timangofuna," ababa anakweza dzanja.

"Ndaferedwa ine. Sindinapenge."

Chitseko. Kiyi. Kalendala anaisiya pa tebulo.

Ndimati ndikuwadzutsa. Kuyambira liti zinasanduka zoseweretsa munthu wamasiye kuti ndimwe tiyi phazi pa linzake? Ndikudziwa deti lake. Ndinalilemba ndekha m'buku lino.

29 Okutobala, Lachitatu

Tsiku lachitatu osandilankhula. Chakudya ndimasiya pakhomo, mbale imabwera theka. Ndikamachoka m'mawa chitseko chotseka, ndikamabwera chotseka. Ndinapepesa kudzera pa bowo la kiyi, nditagwada pa simenti. Ndinangomva bedi likulira, atembenuka.

Ine ndi a Waya tinakangana Lolemba kuti wayambitsa ndani, monong'ona, m'bafa, mpopi wotsegula. Ndimapambana ine mpaka anafunsa kuti pulinta ili kuntchito kwa yani. Pano sitikangananso. Akonza chogwirira cha kabati popanda wowatuma. Akonzanso ayironi. Akusakasaka china choti akonze, nyumba yatha.

Kuntchito ndapatsa mayi wina chenji kawiri. Mnzanga wa pakauntala akuti nkhope yanga ikuthawitsa odwala.

Mapazi aja akatupanso, ndine.

31 Okutobala, Lachisanu

Teni koloko abwana abwera kuchokera ku bokosi la positi, mabilu a famase m'manja, ndi envulopu imodzi yoyera. "Masiku ano alipo amene amakulemberani kalata, mayi?"

Dzina langa lonse, la ubatizo lomwe. Malemba opendekera kumanja, aliwonse msinkhu umodzi. Sitampa pakona, yowongoka ngati ayezera ndi lula. Ndawadziwa malembawo kuyambira ndili sitandade wani.

Munthu tikugona nyumba imodzi, khoma limodzi pakati, wandilembera kalata ya pa positi.

Ndinakawerengera m'sitolo ya kumbuyo, pa katoni ya mabandeji. Pamwamba deti, nambala ya kalata, ndi mutu wodula mzere kunsi: DANDAULO PA ZA CHINYENGO CHA MASIKU. Ndikopera zina pano.

"Kalata ino ndaiponya ndekha Lachiwiri ku positi yaikulu ya pafupi ndi msika. Ndinapita wapansi ndi kubwera wapansi, motsatira malangizo a dokotala, osati ako."

Ndinabwereza katatu. Positi ya kumsika! Ine wabwinobwinone ndimatenga mphindi makumi anayi. Anadikira tichoke, navala, napita, nabwera, nadzitsekeranso, n'kumabweza theka la mbale kuti ndivutike. Nkhalamba yochenjera ngati imeneyi sindinaione.

Zigamulo zitatu. Choyamba, ine ndi akamwini tikapepese kwa ometa, pamaso pa makasitomala osachepera atatu. Chachiwiri, kuyambira Novembala kalendala ili m'manja mwawo. Wofuna tsiku alembe pempho, makope awiri, kutatsala masiku atatu, ndi zifukwa zake. Pansi pake awonjezera ndi malemba ang'onoang'ono kuti la amuna kuchapa lavomerezedwa kale, Loweruka lachitatu la mwezi uliwonse, poti makolala anayera. La akazi kusatsutsa lakanidwa chifukwa cha kalembedwe kolakwika.

Ndinaseka ndekha m'sitolomo mpaka ndinafika pa chachitatu.

"Loweruka, 1 Novembala, tsikuli lilibe dzina ndipo sitilipatsa. Tidzapita kukaona amayi ako, atatu tonse, wapansi. Ine sindinapiteko chiwaikireni. Iwenso sunapiteko. Umakwera basi yozungulira kuti usadutse msewu umenewo, akamwini anandiuza kalekale. Wakhala ukundidzutsa ine kuti usadzione wekha. Nyamuka seveni koloko. Ndine bambo ako."

Mnzanga anandipeza nkhope m'mabandeji. Ndinati ndi fumbi.

Kunyumba chitseko chotsegula, katani yotsegula. Ababa pa sofa, nyuzipepala. Ndinaima pakhomo ndi envulopu m'manja. Anayang'ana pamwamba pa magalasi.

"Masiku atatu kalata ya m'tauni momwemo. M'nthawi yathu ikanafika mawa lake."

Basi. Anapempha tiyi.

A Waya atawerenga anabuula pa za Loweruka lachitatu. Kenako anapempha pepala ndi kaboni. Alemba kale pempho la tsiku la mpira. Zifukwa tsamba lathunthu. Ababa alibweza, deti analemba kumanzere.

1 Novembala, Loweruka

Hafu sikisi. Ababa adzuka kalekale, ndikumva bulashi pa nsapato. A Waya adula maluwa a pampanda wa mayi wa nkhuku, akuti anapempha, sindikukhulupirira.

Ine pa bedi, diresi ndavala, nsapato imodzi kuphazi. Ndikanena chiyani kumeneko? Amayi, ndabwera mochedwa, ndimamata mapepala? Mwina aseka. Akanakhala iwo bwenzi atamata bwino kundiposa, ndipo sakanagwidwa.

Ndayesa kunena kuti mutu ukundipweteka. Ababa ayankha ali pakhonde kuti odwala alembe pempho, makope awiri.

Agogoda kachiwiri tsopano. Akuti cholembera pansi, mwana wanga, dzuwa likukwera.

Nsapato inayo ili kuti kodi, ndinaisiya pa